Mukufunsa Uti, Olemekezeka Kapena Chitsa?

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anga anali ndi ana aamuna awiri, chonsecho anabereka mmodzi. Mmodziyo ndi ine. Ndinali mu Sitandade 7 pasukulu ya kwathu, kuseri kwa mapiri a ku Thambani. Amene amandidziwa lero amati ndine wouma pakamwa. Sakunama. Mawu anga ambiri ndinawamaliza chaka chimenecho.

Dzina langa ndi Lusiyano, koma pakhomo linali litapuma pantchito. Linasiyira malo mayina ena awiri.

Loyamba linabwera ndi mvula. Anthu atayamba kupalira, ine ndinazima ngati koloboyi wotha mafuta. Thupi silinatenthe, mutu sunawawe. Ndinangogona pamphasa, nkhope kukhoma. Ndinkamva fungo la dothi lonyowa, utsi wa nkhuni zaziwisi, mbuzi zikulira m'khola, koma zonse zinkamveka ngati zikuchitika m'mudzi wina. Mango ankakoma ngati chiguduli. Amayi akamasesa m'nyumba ankanditchula mwaulemu wonyoza, amvekere, "Tasunthani, a Chitsa." Sindinkasuntha. Ankasesa mondizungulira monga khasu limazungulira chitsa m'munda, ndipo dzinalo linakhazikika.

Abambo anati ndi ulesi, nathyola kanthambi ka pichesi. Kanthambiko kanatha, ulesi osatha. Anandikweza panjinga kupita nane kuchipatala. Kumeneko anandibaya chala, napeza kuti malungo mulibe, natipatsa panado. Kusukulu aphunzitsi anatopa kuitana dzina langa, nangouza anzanga kuti ndinasamuka.

Chimanga chitayamba kuuma, manachesi a abambo atayamba kufiira, ndinayaka. Ndinadzuka tsiku lina tambala asanaganize zolira, ndinatenga khasu. Dzuwa limatuluka nditagalauza dimba lonse. Mawa lake ndinayamba kukumba dzenje kuseri kwa khola, ndinkati ndi damu la nsomba. Lisanafike m'chiuno ndinalisiya, ndinayamba kuumba njerwa za ofesi. Tulo tinandithawa ndipo sindinatisowe. M'mutu munkawala. Chilichonse chinali chophweka, anthu okha ndi amene ankachedwa. Oyandikana nawo anayamikira abambo kuti pichesi wagwira ntchito. Abambo anavomera, nati kulimbikira kumeneku ndinatengera kwawo.

Chinali chaka cha chisankho. Magalimoto a zimkuzamawu ankakwera zitunda zathu akutulutsa fumbi ndi malonjezo. Ndinapita kumsonkhano umodzi pabwalo la mpira. Bambo wa mimba yaikulu anayankhula atavala jekete padzuwa. Ndinamumvetsera ndipo ndinamumvera chisoni. Ankapuma pakati pa mawu. Ankamwa madzi. Ine ndinaona kuti ndikhoza kuchita bwino kuposa pamenepo.

Mawa lake ndinakwera pachulu kuseri kwa sukulu. Ndinalonjeza mlatho pamtsinje wathu, ndi mtsinje wina watsopano woti mlatho wachiwiri udzakhalepo. Ndinalonjeza magetsi mpaka m'makola a mbuzi. Ndinalonjeza kuti masamu adzathetsedwa. Ndinalonjezanso njanji. Njanjiyo inadzadutsadi m'boma lathu patapita zaka, koma palibe anabwera kudzandithokoza.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amayi ena ochokera kuchigayo anatula ufa pansi nandiimbira nthungululu. Iwo ankachita chipongwe, ine ndinkawerengera mavoti. Pamenepo ndi pamene dzina lachiwiri linabadwira: Olemekezeka. Anyamata a chipani china anandibwereka kuti ndikatenthetse bwalo mkulu wawo asanafike. Sabata yomweyo a chipani chinanso anandibwereka. Konse kuwiri ndinayankhula mawu omwewo, ndinangosintha mtundu wa malaya. Palibe anadandaula.

Koma munthu woima pachisankho sayenda chimanjamanja. Zimenezo ndinali nditaziona ndi maso. Choncho ndinalowa m'munda wa manachesi, amene abambo ankadikira kuti ogula a ku Blantyre adzatenge, ndinathyola akupsa ndi aawisi omwe. Ndinagawa kusukulu, kumsika, panjira. Manja ankanunkha makoko sabata yonse. Manachesi atatha ndinagawa wailesi ya abambo. Kenako ndinatenga malaya oyera amene amayi ankavala kuchigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndinapatsa mayi wogulitsa usipa. Kuseka pakhomo kunathera pamalaya amenewo.

Tsiku lina ndinanyamuka wapansi kupita ku Boma kukapereka dzina langa. Mtunda ndi wautali, koma miyendo sinandiuze. Nditafika pamsewu waukulu ndinaona magalimoto akuluakulu opita ku Mozambique ali mndandanda, ndinaganiza kuti madalaivala nawonso ndi anthu ofunika kumva mfundo. Ndinaima pakati pa msewu, manja m'mwamba. Chimene ndimakumbukira ndi kulira kwa mabuleki, fungo la matayala opserera, ndi kutentha kwa injini pankhope panga. Dalaivala anatsika akutukwana m'Chipwitikizi. Ine ndinamugwira chanza, ndinamuthokoza chifukwa chobwera kumsonkhano. Munthu wina wa kabaza wa kwathu anandizindikira. Anandimangirira pakaliyala ndi mphira ngati thumba la makala, nandibweza kumudzi.

Kunyumba anamasula mbuzi kuti chingwe chipezeke. Anandimanga pamtengo wa nachesi womwe ndinaukolola. Mbuziyo inkadya momasuka pafupi nane, ikundiyang'ana m'mbali. Ndinaiyankhula za chitukuko. Ndinayankhulanso nkhuku. Ndinayankhula mpaka kukhosi kunauma, mawu anasasa, kenako anatheratu. Pakamwa pankayenda, koma pankangotuluka mpweya.

Ndipo kunabwera amalume, a Kamwendo, mchimwene wa amayi. Kwathu mwana ndi wa amalume ake. Abambo anabwera kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, nakwatira, nakhala mkamwini. Ulamuliro wawo unkathera pa manachesi. Za ine wogamula anali a Kamwendo, munthu wamtali, wa chipewa chimene sankavula ngakhale pamaliro.

Anandizungulira, nandisuzumira m'maso, nagamula. Misala yeniyeni, anatero, sipita kutchuthi. Wamisala amakhala wamisala dzinja ndi chilimwe. Izi zobwera n'kupita, lero chitsa mawa nduna, ndiye kuti alipo amene akuzitumiza. Loweruka tidzaoloka malire, tipite kwa sing'anga wina wodziwa za otere.

Sing'anga ameneyo ndinkamudziwa mbiri yake. Odwala ankawasunga pansi pa chisakasa, unyolo kumwendo, akuwafukiza utsi mpaka chiwanda chitatopa. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anapitako akuyenda yekha ndiponso akuimba. Anabwerako pawilibala, akakolo ali zilonda. Sanaimbenso, ndipo mwendo umodzi ankaukoka moyo wake wonse. Anthu ankati anachira, poti anasiya phokoso. Ine pamtengo paja sindinachite mantha, ndinkangoona kuti kutsidyako kulinso anthu ofunika mlatho. Amene anachita mantha ndi amayi.

Amayi sankatsutsana ndi mchimwene wawo. Tsiku limenelo anagwada patali, nayankhula akuyang'ana pansi. Anati amva kuti Lachinayi, tsiku la msika, kuchipatala chathu kumabwera namwino wa matenda a maganizo kuchokera ku Boma. Anapempha kuti tiyambe tapita kumeneko. Loweruka silithawa.

Amalume anavomera, koma anaika lamulo. Iwo anali munthu woyenda mwa asing'anga, ndipo anali ndi njira yawo yowayesera. Sing'anga weniweni, ankatero, safunsa chimene chakubweretsa. Umangokhala pansi, iye n'kukuuza yekha. Wofunsa kuti "vuto n'chiyani" ndi wakuba. Choncho namwinoyo tidzamuyesa chimodzimodzi. Wina asatsegule pakamwa. Akalephera kutiuza yekha, Loweruka tioloka.

Lachinayi tinapita. Kuchipatala kunali tsiku la sikelo, khonde lodzaza ndi makanda olira ndi fungo la sopo wa mankhwala. Anandikhazika pabenchi pansi pa windo la chipinda cha namwino. Chingwe anachimanga kumwendo wa benchi, amayi nachiphimba ndi chitenje kuti anthu asaone. Namwino podutsa anandiyang'ana, anaona mnyamata wowonda ali chete, nalowa. Akuluakulu atatu aja anamutsatira. Windo linalibe magalasi ena, ndiye zonse ndinazimva. Kukanakhala kuti mawu ndinali nawo, sindikanamva kanthu. Ndikanakhala ndikulonjeza amayi a sikelo phala laulere.

Namwino anali mayi wa mawu otopa. Anapereka moni, nafunsa kuti vuto n'chiyani. M'chipindamo munati zii. Ndinasuzumira. Amayi ankayang'ana simenti, abambo ankayang'ana amalume, amalume ankayang'ana malata, akumwetulira ngati munthu amene wagwira kale wakuba.

"Mutiuze ndinu," anatero amalume. "Paja munaphunzira."

Namwino sanakwiye. Ndikuganiza kuti anali ataonapo amalume ambiri. Anatsegula chikwama natulutsa pepala. Anati ndi mafunso a makolo, atsopano, othandiza kudziwa matenda ena a maganizo mwa ana ndi achinyamata, chifukwa mwana wodwala sadziona yekha, amene amamuona ndi wokhala naye. Anafunsa kuti kholo ndani. Dzanja loyamba kukwera linali la amalume. Anafunsa kuti amagona nyumba imodzi ndi mwanayo ndani. Dzanjalo linatsika pang'onopang'ono, n'kukakanda kuseri kwa khutu.

Amalume anafuna kudziwa ngati kuyankha sikukhala kuulula. Namwino anati iye aziwerenga, iwo azingovomera kapena kukana. Amalume analingalira. Kwa sing'anga nakonso, akamaombeza, anthu amavomera. Anakweza chibwano kusonyeza kuti alola.

Vuto linayamba ndi abambo. Iwo mapepala ankawadziwa kuyambira nthawi ya othawa nkhondo. Anaphunzira kuti munthu wa cholembera akakufunsa, umavomera zonse, ndipo pakapita masiku kumabwera nyemba ndi mafuta ophikira. Wokana amabwerera ndi thumba lopanda kanthu.

"Kodi mwana wanu..."

"Inde," anatero abambo.

"Sindinamalize, bambo. Kodi mwana wanu pamakhala masiku amene..."

"Inde, kwambiri."

Namwino anavula magalasi. "Kodi mwana wanu ndi woyembekezera?"

"Inde. Ayi! Pepani."

"Alamu, tapumani," anatero amalume. Abambo anapuma.

Anatsala amayi. Namwino anawerenga funso lonse: ngati pamakhala masiku amene mwanayo amagona pang'ono kwambiri, koma osaoneka wotopa. Amayi anaganiza mofatsa, pakuti sankafuna kunamiza boma.

"Mukufunsa uti? Olemekezeka kapena Chitsa?"

"Alipo awiri?"

"Eee. Olemekezeka ndiye sagona. Koma a Chitsa sadzuka."

"Onse ndi anu, mayi?"

"Anga ndithu."

"Wamkulu ndani?"

"Ndi a tsiku limodzi."

Namwino anapuma mozama, natulutsa pepala lachiwiri. Pamwamba pa lina analemba Olemekezeka, pa linalo Chitsa, akudandaula chapansipansi za mayina amene anthu akupatsa mapasa masiku ano. Panalibe womukonza. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndipo kwa iwo kukonza munthu wa yunifolomu kunali mwano. Abambo ataona mapepala awiri maso anawala, poti mapepala awiri ndi matumba awiri. Amalume anaona zonse, koma anali omangidwa ndi lamulo lawo lomwe.

Anayamba ndi pepala la Olemekezeka. Mafunso ena anaphonya. Linafunsa ngati mwanayo amadzitsekera m'chipinda chake. Amayi anati chipinda chake ndi chiguduli chopachika pachingwe, kaya chimenecho chimatsekeka. Linafunsa ngati amagula zinthu zambiri zosafunika. Amayi anaseka koyamba sabata imeneyo. Amalume anawongola miyendo, natsokomola mokhutira. Ndinaona kuti m'mutu mwawo anali ataoloka kale malire.

Kenako pepala linapeza njira. Linafunsa ngati mwanayo amayankhula mothamanga, kulumpha nkhani iyi kupita ina, moti munthu sungamudule. Amayi anavomera. Linafunsa ngati amayamba ntchito zambiri nthawi imodzi osamaliza ndi imodzi yomwe. Amayi anavomera, nati mwana wa mbuzi anagweramo kale m'ntchito ina. Linafunsa ngati amadziona kuti ndi munthu wamkulu, woposa anzake, wotumidwa kudzachita zazikulu. Miyendo ya amalume inabwerera pansi pa mpando. Linafunsa ngati amagawa katundu wapakhomo mosaganizira. Abambo anafuna kuyankha, ulendo uno moona mtima, koma anakumbukira kuti anauzidwa kuti apume. Linafunsa ngati amachita zinthu zoika moyo wake pachiswe, iye osaona choopsa.

Mpando wa amalume unalira.

"Wakuuzani ndani? Wa kabaza uja?"

"Palibe, bambo. Mafunsowa analembedwa kutali, kunja kwa dziko lino. Ife tinangowaika m'Chichewa."

"Ndiye mwanayu anamuonera kuti?"

Namwino anati sanamuone. Anaona ana ena ambiri odwala chimodzimodzi. Amalume sanakhutire ndi yankho limenelo. Anasendeza mpando kufupi ndi tebulo.

Abambo anakweza chala ngati mwana wasukulu. "Pepani, amayi. Zimene mwawerengazi, kuyankhula osapuma, kudziona wamkulu, kuyamba osamaliza, kugawa zinthu zosakhala zako. Aja anabwera ndi chimkuzamawu aja, onse ali nazo. Nawonso akudwala?"

"Amenewo amayi awo sanabwere kudzayankha," anatero namwino, osadzutsa mutu.

Anatenga pepala la Chitsa. Mafunso anali omwewo, koma mayankho anatembenuka, ndipo mawu a amayi anatsika. Sadya. Sasamba. Saseka, ngakhale anzake atabwera ndi mpira. Amalira popanda womumenya. Pomumenya ndiye salira. Chakumapeto namwino anafunsa ngati mwanayo ananenapo kuti kuli bwino kufa.

Pakhonde khanda lina linkalira, wina akuliopseza ndi jakisoni.

"Ananenapo," anatero amayi. "Ankauza khoma. Ankayesa kuti ndapita kumunda."

Ine sindinkadziwa kuti anamva. Abambo sankadziwa n'komwe kuti zinanenedwa. Ndinawaona akuyang'ana manja awo, manja amene anathyola pichesi. Ngakhale m'mutu mwanga munali phokoso la msonkhano, mawu amenewo analowa, ndipo mwendo wanga umene unkagwedera pabenchi unaima pang'ono.

Namwino anaika mapepala awiriwo pambali ndi pambali. Anati ana onse awiri akufunika thandizo, ndipo achedwa nawo. Anati Chitsa wamuona kale, ndi uja wakhala chete panjayo. Anafunsa kuti Olemekezeka amusiya kuti.

Amayi anatulutsa mutu pawindo. "Lusiyano! Talowa."

Ndinalowa, benchi ikukhukhuluzika pambuyo panga mpaka inakakamira pachitseko. Ndinagwira namwino chanza ndi manja awiri. Ndinakwera pampando wa abambo, ndinatambasula manja, ndinayamba kulonjeza chipatala cha nsanjika. Mawu sanatuluke, koma manja ndi nkhope zinagwira ntchito yonse. Pomaliza ndinaona kuti mlendo wolemekezeka chotere sangabwerere chimanjamanja. Ndinavula amalume chipewa, ndinamupatsa. Linali tsiku loyamba kuona dazi lawo.

Namwino anayang'ana ine, nayang'ana mapepala, chipewa chili m'manja.

"Ndiye awa ndi Olemekezeka. Nanga Chitsa ali kuti?"

"A Chitsa abwera mvula ikayamba," anatero amayi.

Namwino anakhala kaye osaphethira. Kenako anaseka mpaka anagwetsa cholembera. Anasiya kuseka ataona chingwe, ndi malo amene chinadya khungu pakakolo panga. Anasanjikiza mapepala aja, nawalumikiza ndi pini, nafufuta mayina onse awiri, nalemba limene ndinabatizidwa nalo. Anati kulakwitsa kwake kwamuthandiza, chifukwa makolo ambiri amabweretsa mwana mmodzi yekha mwa awiriwo, amene wawasowetsa mtendere, winayo n'kumuiwala kunyumba poyesa kuti ndi ulesi chabe.

Anafotokoza kuti alipo matenda amene amakweza munthu pamwamba kwambiri, kenako n'kumugwetsa pansi kwambiri, pakati n'kumusiya ali bwinobwino. Kubwera n'kupita kumeneko sindiye kuti alipo wotumiza, ndi khalidwe la matendawo. Anawatchula dzina lachizungu, baipola.

"Mwati bwanji?" anafunsa amalume.

"Baipola."

"Basi. Ngati kupola kuli m'dzina lomwe, apola."

Namwino anati si bala ili, silipoleratu, koma ndi mankhwala munthu amakhala moyo ngati wina aliyense. Anawonjezera kuti pepala siligamula, limangoloza. Wogamula ndi dokotala wa ku Boma, amene ayenera kundiona yekha, kufunsanso, ndi kutsimikiza kuti si chamba kapena matenda ena. Anati galimoto imene anabwera nayo ibwerera masana, ndipo malo alipo. Onse anayang'ana amalume.

Amalume anapempha pepala lija. Analigwira m'mbali ndi nsonga za zala. Analitembenuza kuti aone ngati kuseri kuli kanthu. Analiyang'anitsa padzuwa la pawindo. Analinunkhiza.

"Laombeza," anatero. "Osamuona mwana, osalawa madzi a m'mudzi mwathu, lanena zonse, ndi dzenje lomwe. Uja wa kutsidya amayamba wafunsa nkhuku, ndipo theka la nkhani umamuuza ndiwe."

Anatenga chipewa chawo patebulo, nachivala, nagwada. Mfundo ya chingwe inali italimba, ndipo anaimasula ndi mano. Ataimirira anauza amayi kuti Loweruka ali ndi zochita zina.

Ndinapita ku Boma pagalimoto, pampando wofewa, ndikubayibitsa anthu pamsika. Kumeneko anandifunsa, anafunsanso amayi, anandibaya jakisoni, ndipo ndinagona tulo timene ndinali nditatisiya m'mbuyo miyezi yonse ija. Loweruka linandidutsa ndili m'tulo. Abambo anadikira nyemba ndi mafuta mpaka mvula inagwa.

Sindinganame kuti zinakhala zokoma. Mankhwala oyamba analemetsa lilime, ananenepetsa masaya, manja ankanjenjemera ndikagwira kapu. Anasintha, nasinthanso, mpaka anapeza ondiyana. A Chitsa anabweradi ndi mvula monga amayi ananenera, koma anapeza akudikiridwa, ndipo sanakhalitse. Sitandade 8 ndinalemba mochedwa, pakati pa ana ofika m'khwapa. Ndinalekera pomwepo. Ndinaphunzira kukonza njinga, ndipo ndi ntchito yanga mpaka lero pamsika wa Thambani. Mwezi uliwonse ndimakatenga mankhwala. Miyendo yonse iwiri ndi yanga. Amalume, mpaka tsiku lomwalira, ankauza anthu kuti chipatala anachitulukira ndi iwo, alongo awo akulimbikira za asing'anga.

Masiku ano zinthu zasintha, kapena tinene kuti zasuntha. Mafunso aja ndinawaona ali m'foni ya mlangizi wa zaumoyo, akungodina ndi chala. Ndi zachangu. Koma foni ili ndi malo a inde ndi ayi basi, ndipo sindidziwa ngati imadikira mayi amene akufuna kuganiza kaye. Mawu akuti baipola nawo afika pamsika. Achinyamata amatchula choncho mtsikana amene wawakana atawalola dzulo, ndi netiweki imene ikubwera n'kupita. Matenda enieniwo akawaona pamsewu amajambula ndi foni. Kutsidya kuja anthu akupitabe, kungoti tsopano amapita panjinga yamoto. Makolo ena amabwera pamene ndimakonzera njinga, n'kuyamba ndi nkhani ya tcheni, kenako n'kutsitsa mawu kufunsa za mwana wawo. Amaopa kuti akayankha zoona, mwanayo sadzakwatiwa. Ndimawauza kuti ine ndinakwatira. Ndimawauza tsiku limene namwino amabwera. Tcheni ndimawakonzera.

Ndili ndi mwana wamkazi, wa msinkhu umene ndinali nawo nthawi imeneyo. Anandiuza kuchipatala kuti nthawi zina matendawa amatsata magazi, nthawi zina ayi. Mwanayo ndi wa phokoso. Amaimba potunga madzi, amaimba posesa, amati adzakhala woyendetsa ndege. Akatero ndimasiya sipanala, n'kumuyang'ana. Mayi ake amandigunda ndi chigongono, amati ndimusiye, akungosangalala, ana amasangalala.

Ndimamusiya. Koma m'mawa uliwonse, ndisanafunse za madzi osamba, ndimafunsa mayi ake ngati mwanayo anagona.